Munda wa Alamu Anga ku Woodlands

Alamu anga a Edmond Daka anali munthu wamtali, wofatsa, wa manja akuluakulu amene ankanunkha dizilo ngakhale pa Sabata m'tchalitchi. Anakwatira akulu anga a Eness, ndipo ine Winifred ndinakhala nawo nyumba imodzi ku Kabwata zaka zonse zimene ndinkataipa makalata pa ofesi ina m'tauni. Mlamu ndi munthu womuseka, ndiye ine ndinawaseka mokwanira: kayendedwe kawo kogwedeza mutu ngati ng'ombe ya pangolo, chipewa chawo chothothoka m'mbali, ndi kuimba kwawo kosadziwa pokwera ndi potsika. Iwo ankangoti, "Iwe Wini, uzakakwatiliwa na ndani na kamwa iyo?" Koma pali nkhani imodzi imene sindinawasekepo, ndipo ndi imeneyi.

Anabwera ku Lusaka kuchokera ku Katete dziko litangolandira ufulu, ali mnyamata wopanda nsapato. Ntchito anaipeza pa kilabu ina ku Woodlands, kumene mabwana a makampani ankapita kukamwa ndi kusewera mipira yawo. Kilabuyo inali ndi bwalo lalikulu la kapinga, lotambalala kuchokera pakhonde la nyumba yomwera mpaka ku mitengo ya bulugamu ya kumpanda, moti munthu akaima kumapeto unkavutika kumuzindikira. Alamu anayamba ndi kukoka paipi yothirira. Mzungu amene ankayang'anira bwalolo ataona kuti mnyamatayu sathyola zinthu, anawaphunzitsa kuyendetsa thalakitala yaing'ono yofiira imene inkakoka chotchetchera udzu. Mzungu uja atalongedza kubwerera kwawo, makiyi a shedi anatsalira alamu. Kuyambira pamenepo kapinga yense uja anali m'manja mwawo, kumuthirira, kumudyetsa feteleza ndi kumumeta.

Ndipo ankamukonda, ndisaname. M'mawa ankavula nsapato n'kuyenda pabwalopo kuti amve ndi mapazi pamene pauma ndi pamene pakufuna chakudya. Ali mkati mwa mpanda uja ankayenda chifuwa chili patsogolo. Manyazi ankawapeza akangotuluka pageti.

Kwathu ku Katete kapinga ndi mdani. Akalowa m'munda umamukumba ndi khasu, kumukuntha dothi, kumuyanika padzuwa, koma mvula ikangowaza umapeza waphukanso. Mayi wolekerera kapinga m'munda mwake anzake amamuimba nyimbo pamtondo. Tsono taganizani munthu wamkulu, wa ndevu zake, kudzuka m'mawa kukathirira kapinga, kumugulira feteleza, pamene anthu akupsa ndi dzuwa pamzere wa ufa kutsogolo kwa sitolo. Ku Kabwata zinalibe kanthu, chifukwa m'tauni aliyense amadya pamene wagwira. Koma alamu sankadziyesa ndi maso a ku Kabwata. Ankadziyesa ndi maso a amalume athu a Nicodemus.

Bambo athu anamwalira tili aang'ono, ndipo mwini mbumba anali amalume a Nicodemus, mlimi wotchuka dera lonse, wa ng'ombe zake ndi nkhokwe zosatha chimanga. Kwa iwo munthu ankayezedwa ndi munda wake, basi. Alamu atabwera kudzafunsira Eness, mwambo unali woti amange nyumba pamudzi pathu n'kulima pomwepo monga mkamwini. Iwo anapempha chitengwa, kuti apite naye mkazi kutauni. Amalume anaipidwa nazo, ndipo anafunsa kudzera mwa nkhoswe kuti kodi mnyamatayu ku Lusakako amagwira chiyani chimene angadyetsere mwana wa eni.

Yankho linabwera loti amayendetsa thalakitala.

Amalume nkhope inawala. Nthawi imeneyo dera lathu lonse thalakitala inali imodzi, ya boma, ndipo woiyendetsa ankapatsidwa mpando ngati mbusa. "Ndiye kuti ndi mlimi mnzanga," anatero amalume. "Munda wolima ndi thalakitala si wamasewera. Amutenge mkaziyo." Alamu anali atakhala chammbali, maso pansi, monga akhalira mkamwini. Sanavomere, sanakane. Eness anapita ku Lusaka pa mawu amenewo.

Nkhani inakula yokha m'kamwa mwa anthu. Pofika chaka chachitatu, kumudzi munda wa a Daka unali utafika pakuti munthu sangauzungulire wapansi. Alamu akapita kukaona abale ankanyamula shuga ndi sopo, koma pabwalo pa amuna sankakhalitsa. Wina akafunsa za mvula ya kumunda kwawo ankangoti ili bwino, n'kunyamuka kukafuna madzi akumwa. Ine ndi Eness tinkadziwa zoona, koma Eness anandiopseza kuti ndikadzatsegula pakamwa kumudzi ndidzafune kokhala kwina. Ndinatseka, ngakhale kuti kwa ine kutseka pakamwa ndi ntchito yolemetsa.

Zinthu ziwiri zinakumana m'chaka cha 1978, mvula ili pafupi. Choyamba, chomwazira feteleza chimene mzungu anasiya chinabooka ndi dzimbiri, chifukwa feteleza amadya chitsulo. Mlembi wa kilabu, bambo Chishimba, wa ku Kasama, wokonda masuti ndi kulankhula mokweza, anapatsa alamu chipepala choti akasankhe chida china ndi matumba a feteleza pa yadi ina yogulitsa zida za ulimi ku Heavy Industrial Area. Chachiwiri, sabata yomweyo amalume anatsika basi ya ku Chipata ali ndi ng'ala m'maso onse awiri. Anawatumiza ku chipatala chachikulu, ndipo achipatala anati adikire masabata angapo. Anakhala kwathu, akuona zinthu ngati zili mu utsi.

Makoma a nyumba za ku Kabwata sasunga chinsinsi. Loweruka m'mawa alamu anauza Eness kuchipinda kuti akupita kukasankha zida, ndipo potuluka anapeza amalume atavala kale jekete, ndodo ili m'manja.

"Maso ndilibe, koma manja alipo," anatero amalume. "Chida cha kumunda ndimachidziwa pochigwira. Tiyeni ndikuperekezeni, angakunyengeni anthu a m'tauni."

Alamu anayang'ana Eness, Eness anayang'ana kudenga. Mkamwini angauze mwini mbumba kuti tsalani? Ine anandiuza kuti ndipite nawo, ndiziwagwira dzanja amalume pokwera ndi potsika minibasi.

Woyang'anira yadiyo anali bambo Abdul Hamid, wa kachipewa koyera ndi ovolosi yakuda ndi girisi. Bambo awo anachokera ku Malawi kalekale, ndipo iwo anakulira m'zitsulo. Zaka zimenezo zida zatsopano sizinkabwera kuchokera kunja, ndiye ntchito yawo inali kutola zakale, kuziwotcherera ndi kuzipaka utoto. Panali mapulawo, maharo osalazira dothi ndi mateyala aatali kuposa ine. Pakona panali chomwazira feteleza chimodzi chokha: chitini chachikulu chotambalala pamwamba n'kuchepa pansi, ndipo kunsi kwake kuli chimbale chimene thalakitala imazungulitsa kuti chiziponya feteleza patali mofanana. Ndicho chimene kapinga amafuna. Alamu anapita molunjika n'kuikapo dzanja, ndipo ndinaona nkhope yawo ikumasuka.

Amalume anandikoka kuti tifike pomwepo. Anachipapasa kuyambira pamwamba, anapisa dzanja m'kati, anazungulitsa chimbale ndi chala.

"Ichi nchiyani?"

"Ni chomwazila feteleza, ba mdala," anayankha bambo Abdul Hamid. "Mbale iyi izungulila, iponya konsekonse."

"Kuponya!" Amalume anachotsa dzanja ngati apsa. "Feteleza kumumwaza ngati madeya a nkhuku? Tsono adye ndani, mbewu kapena udzu? Kwathu timamuyeza ndi kachitsekero ka botolo, phando lililonse lakelake. Chimenechi agule amene akufuna kunenepetsa udzu."

Dzanja la alamu linatsika pang'onopang'ono n'kulowa m'thumba la buluku.

Tinazungulira yadi yonse, amalume akupapasa chilichonse, mpaka anafika pa pulantala ya mizere iwiri, chida chobzalira chimanga. Inali ndi mabokosi a mbewu, mabokosi a feteleza, timapaipi totsika pansi ndi mipeni yong'amba nthaka. Amalume anagwada, anatsata paipi ndi zala kuchokera kubokosi mpaka kunsi, ndipo anaseka ndi chimwemwe chenicheni, chimene sitinachimve chibwerereni ku Lusaka.

"Ichi ndiye chida cha mlimi. Mbewu apa, chakudya chake pambali, palibe chotayika. Mkamwini, tengani ichi."

Bambo Abdul Hamid anayang'ana chipepala chija, pamene panalembedwa dzina la kilabu, kenaka anayang'ana alamu.

"Ba Daka, kansi muzashanga chani kuja?"

Kwinakwake munthu ankamenya chitsulo ndi hamala. Amalume anatembenuzira khutu kwa alamu, akudikira yankho mwa mtima wabwino, ngati kholo lodikira mwana wake anene vesi pamaso pa mpingo. Zaka zonse zija alamu anali asananamepo ndi pakamwa pawo. Ankangokhala chete anthu n'kumadzinamiza okha.

"Chimanga," anatero alamu.

Bambo Abdul Hamid anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Tinalowa m'shedi ya matumba. Alamu ankadziwa kuti kapinga amafuna feteleza wopepuka, womwaza pang'ono n'kuthirira msanga. Amalume anapisa manja m'matumba otsegula, anasankha wotuwa wobzalira, kenaka anapeza woyera uja wonga mchere, yureya, wamphamvu zedi. Anamutapa m'dzanja. Ndiye anati kumudzi chaka chathacho feteleza anafika pa depoti chimanga chitamasula kale ngayaye, ndipo chaka chino sanamveke n'komwe. "Muli ndi mwayi, mkamwini," anatero, akubwezera m'thumba kambewu kalikonse kamene kanamatirira m'zala. Alamu anavomera zonse ndi mutu.

Lolemba anabwerera okha ku yadi kuja kuti akasinthe. Anapeza chomwazira chija chapita, atachitenga a sukulu ina ya mishoni. Masiku amenewo chinthu ukachisiya Loweruka, Lolemba unkapeza malo ake okha.

"Nenze naona, ba Daka," anatero bambo Abdul Hamid. "Manje pamenso pa apongozi ningakambe chani? Naine nili nao apongozi."

Anayesa kuwathandiza. Anamasula mipeni ija kuti isang'ambe kapinga, n'kumanga thabwa kunsi kwa timapaipi kuti feteleza akagwerapo azibalalika. Alamu anaganiza zongobisa pulantala m'shedi n'kumwaza ndi manja, ngakhale zikanawatengera masiku. Koma bambo Chishimba, amene sankasiyanitsa pulawo ndi wilibala, anaona utoto watsopano wobiriwira n'kukondwa. Anaitana akuluakulu a komiti kuti adzaone chimene kilabu yagula.

"Tifuna tione mashini isebenza, ba Daka. Ba komiti bonse balipo. Lizani chintu."

Alamu anakoloweka pulantala kumbuyo kwa thalakitala, anadzaza yureya m'mabokosi, n'kuyamba. Mabwana anaimirira pakhonde, matambula m'manja, akugwedeza mitu. Ulendo woyamba usanathe thabwa lija linagwedezeka n'kugwa. Alamu atacheuka anaona mizere iwiri yoyera ikuwatsatira, yokhuthala ngati wina wathira laimu. Anadziwa pomwepo chimene chidzachitike. Koma kuima kunali kufotokoza, ndipo kufotokoza kunali kunena za amalume ndi chimanga pamaso pa komiti yonse. Kumwamba kunali mitambo. Anadziuza kuti mvula igwa madzulo n'kusungunula zonse, ndipo anapitiriza mpaka bwalo lonse linatha. Akuti manyazi anapha Lambe, ndipo tsiku limenelo ndi manyazi amene ankayendetsa thalakitala.

Mvula sinagwe. Mitambo inabalalika, dzuwa la Novembala linaswa mtengo. Alamu anakoka paipi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, koma madzi a paipi imodzi sanathe kusungunula feteleza wa bwalo lonse msanga. Mizere ija inasanduka yachikasu, kenaka yofiirira, kapinga atapsa mpaka kumizu. Mvula itabwera tsopano, m'mbali mwa mzere uliwonse wopsa munaphuka udzu wamtali wobiriwira kwambiri, pamene pakati pa mizere panatsala potuwa. Munthu akaima pakhonde ankaona mizere yokhayokha kuchoka pamapazi ake mpaka ku bulugamu.

Bambo Chishimba anawaitana pamaso pa ogwira ntchito onse.

"Shani ba Daka, nivichani ivi? Mwatipangila mbizi? Pa Kilisimasi pali ukwati wa mwana wa ba cheyamani pamene apa. Mufuna bantu bakajambuliwe pa mbizi?"

Anawakalipira mpaka mawu anasasa. Sanawachotse ntchito, chifukwa panalibe wina wodziwa kunyengerera thalakitala ija kuti ilire. Alamu anaima chipewa chili m'manja. Koma kukalipa kwa bambo Chishimba sikunali kanthu poyerekeza ndi zimene zinkawadikira kunyumba. Amalume anali atachitidwa opaleshoni, ndipo ankakhala pakhonde maso atamangidwa nsalu. Akangomva mapazi a alamu ankafunsa, "Zamera?" Alamu ankayankha kuti zikumera. "Mwaona pulantala ija? Ndinakuuzani." Alamu anayamba kuonda, kolala ya shati inayamba kuwakulira. Ine ndinasiya kuwaseka ngakhale za chipewa, chifukwa ndinkawamvera chisoni ndipo nanenso manyazi ankandigwira, ngati kuti ndinanama ndine.

Tsiku lomasula nsalu linafika, ndipo amalume anaona. Anaona ana a Eness mmodzimmodzi, anaona kuti ine ndanenepa n'kundiuza pomwepo, anawerenga okha nambala ya pachitseko cha nyumba ya kutsidya kwa msewu. Kenaka ananena kuti asanakwere basi akufuna akaone munda.

Eness anayesetsa. Anati ndi kutali, anati kuli matope, anati eni ake salola alendo. Amalume anamvetsera zonse, ndiye anafunsa mofatsa, akuyang'ana Eness koma mawu akupita kwa alamu.

"Kodi amuna ako akundibisira munda chifukwa chiyani? Munthu amabisa munda kwa amene akumuganizira kuti angamukawire mbewu ndi mankhwala. Kodi ine ndasanduka mfiti m'nyumba muno?"

Pamenepo njira zonse zinatsekeka. Kukana kunali kutukwana munthu amene anatilera. Loweruka m'mawa Eness anamanga duku mpaka m'maso n'kunena kuti mutu ukumupweteka, ndiye ndinapita ndine.

Tinakwera minibasi. Amalume ankayang'ana pawindo, akudabwa nyumba za ku Woodlands ndi mipanda yake, akufunsa kuti munda ungakhale bwanji pakati pa nyumba zotere. Tinalowera pa geti ya antchito, kuseri kwa khitchini. Atafunsa za nyumba yaikulu ija, ndinawauza kuti ndi ya eni malo. Pakhonde panali mabwana angapo ndi akazi awo, akumwa zoziziritsa kukhosi. Tinazungulira kona, ndipo bwalo lonse linaonekera.

Amalume anaima. Anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, anatsata mizere ndi maso mpaka kumapeto. Kenaka analowa, akuyenda pakati pa mizere iwiri monga ayendera mlimi kuti asaponde mbewu. Anawerama n'kupatula udzu ndi zala pamzere wopsa. Anasuntha pang'ono n'kupatulanso. Anakumba ndi chala, akufuna njere. Anachita zimenezi malo angapo, ife titaima m'mbali ngati zitsa.

Atabwerera, pankhope pawo panalibe mkwiyo. Panali chisoni, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka koposa.

"Mbewu sinamere," anatero motsitsa mawu, kuti a pakhonde asamve. "Kapinga wakutherani munda, mwana wanga. Bwanji osandiuza? Masiku onsewa mumati zikumera poopa kundidandaulitsa ndili wodwala. Izi zimagwera mlimi aliyense. Ine chaka china anandithera dimba lonse."



Pafupi ndi bedi la maluwa panali khasu limene wantchito wina anasiya. Amalume analiona ndi maso awo atsopano aja. Anavula jekete n'kundipatsa, anapinda manja a shati, analavulira m'zikhatho.

"Sitinachedwe. Mvula yangoyamba kumene. Tikayamba lero kumuchotsa, mubzalanso. Itanani anzanu abwere ndi makasu."

Ndipo anayamba kulima. Munthu wokalamba, wongochoka m'chipatala, koma khasu linkalowa ngati la mnyamata. Ankatema kapinga, kumutembenuza, kumukuntha dothi n'kumuponya kumbuyo. Dothi lofiira linayamba kuonekera pakati pa bwalo la kilabu. Operekera zakumwa anatuluka m'khitchini. Pakhonde mayi wina anayamba kuseka, ena anaimirira kuti aone bwino. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowe. Kenaka bambo Chishimba anatulukira akuthamanga, tayi ikuuluka paphewa.

"Iwe mdala! Iwe! Uchita chani apo? Ba Daka, nindani uyu? Mwaleta ofunta mu kilabu?"

Amalume a Nicodemus, amene mafumu ankawavulira chipewa, kuitanidwa kuti iwe. Mawu amenewo ndi amene anadzutsa alamu. Anathamanga, anagwada pa dothi lofiira lija patsogolo pa amalume, n'kugwira mpini wa khasu ndi manja awiri. Chikwatirireni anali asanawayandikirepo chotero.

"Apongozi, siyani. Chonde siyani. Kuno kulibe chimanga. Sikunakhaleko chimanga chiyambire."

Amalume sanasiye mpini. "Mukuti chiyani?"

"Ntchito yanga ndi kapinga ameneyu. Ndimamuthirira, ndimamumeta, kuti mabwana azipondapo ndi kusewerapo mpira. Thalakitala ija ndi ya kapinga. Zaka zonsezi ndi kapinga."

"Nanga feteleza uja?"

"Ndinathira kapinga."

"Yense uja?"

"Yense."

Amalume anasiya khasu. Anayang'ana bwalo lija kachiwiri, nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti tsopano akuliona monga liliri. Anayang'ana pakhonde, pamene kuseka kunali kutatha. Kenaka anayang'ana malo amene analima. Anagwada pang'onopang'ono, anatola zibuma za kapinga zimene anaponya kumbuyo, n'kuyamba kuzibwezera chimodzichimodzi m'malo mwake, akuzitsindira ndi zikhatho. Alamu anafuna kuthandiza, koma amalume anawaletsa ndi dzanja. Atamaliza anatembenukira kwa bambo Chishimba, akadali chigwadire, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Pepani, bwana. Ndine mlendo. Sindinadziwe kuti ndi mbewu yanu."

Bambo Chishimba anakonza tayi n'kubwerera pakhonde.

Tinabwerera ku Kabwata ngati ochokera kumaliro. Eness atationa pakhomo anadziwiratu zimene zachitika. Amalume anakhala pakhonde tsiku lonse akuyang'ana msewu, ndipo alamu anakhala kuseri kwa nyumba. Tonse tinkadikira mlandu. Amalume anali ndi mphamvu yoitanitsa ankhoswe, yonena kuti mwana wawo anatengedwa mwachinyengo, ngakhale yomuuza Eness kuti alongedze. Ndikuganiza kuti alamu akanakonda kutukwanidwa, chifukwa munthu akakutukwana ngongole ya mumtima imapepuka. Koma amalume sanawatukwane. Anangouza Eness kuti mawa akwera basi.

M'mawa mwake tinawaperekeza ku siteshoni ya ku Kamwala. Alamu anasenza katundu, anakankhana ndi anthu pakhomo la basi mpaka anawapezera mpando wa pawindo, anakweza thumba pamwamba n'kulimanga okha. Atatsika anakaima patali pang'ono, kumbuyo kwa ine ndi Eness. Injini italira, amalume anatulutsa dzanja pawindo n'kuwakodola. Alamu anayandikira, atavula chipewa.

Amalume anali mkulu wa mpingo, munthu amene pamilandu ya pamudzi ankaitanidwa chifukwa sankakhotetsa mawu ngakhale wolakwa akhale mwana wa mlongo wawo. Anayang'ana alamu m'maso, n'kulankhula motsitsa, koma ine ndinamva.

"Kumudzi akandifunsa. Ndikawauza kuti chimanga chamera bwino."

Basi inanyamuka. Alamu anaima pomwepo mpaka inakhota, ndipo pobwerera anakana kukwera nafe minibasi. Anayenda wapansi mpaka ku Kabwata.

Kapinga anapola, monga achitira kapinga. Alamu anagwira pa kilabupo mpaka anapuma ntchito, ndipo anthu ankati m'Lusaka monse munalibe bwalo lokongola ngati lawo. Amalume ananenadi zimene analonjeza, ndipo anazinena chaka ndi chaka kwa aliyense wofunsa, pabwalo ndi pakhomo la tchalitchi, mpaka imfa yawo. Alamu sanapondenso ku Katete amalume ali moyo.